Tsiku Limene Injini Inakana Kuzima ku Simlemba

Ntchito ya umakaniko ndinaipeza ndili pa njinga. Ndinali wakabaza pa Kasungu Boma, mkazi wanga ali woyembekezera, ndipo kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku anali a Mwale, mkulu wina wa imvi amene anali ndi galaja kuseri kwa msika. Ankandituma kudepoti kukatenga zitsulo zimene aitanitsa ku Lilongwe. Ine pakamwa panga sipatseka, choncho chitsulo chilichonse ndikachitula ndinkafunsa ntchito yake. Tsiku lina anatopa nane. "Iwe Chisale, mafunso akowa andikwana. Ubwere Lolemba ndi zovala zoti zide." Kabaza ndinasiya choncho.

Zinali zaka za makuponi a feteleza. Chimanga chinayamba kukwana m'nkhokwe, ndiye alimi ena akabwera ku okushoni sankathera ndalama za fodya kugula chakudya ngati kale. Ankagula galimoto zakale zochokera ku Japan, zambiri za dizilo, komanso za otomatiki, zopanda kilachi. Amakaniko a pa Boma ankaziopa galimoto zimenezi. Ikafika yotero ankangoizungulira kawiri, kumenya tayala ndi phazi, kenako n'kuloza kwa a Mwale, amene anaphunzira kuzitsegula ali ku Joni.

Pakati pa injini ndi giyabokosi ya otomatiki pamakhala chitsulo chozungulira, chachikulu ngati dzungu, chimene timati konveta. Mkati mwake muli mawilo awiri okhala ndi mapiko, oyang'anizana. Injini imazunguza wilo limodzi, ilo limaponya mafuta ofiira pa linzake, linzakelo n'kuzunguza giyabokosi. Palibe chitsulo chogwira chinzake. Mphamvu imadutsa m'mafuta. N'chifukwa chake otomatiki siilira mukaikankha, ndipo siizima mukaponda buleki ili m'giya.

A Mwale anali ndi ndondomeko yawo, ndipo sankalola kuti munthu adumphe sitepe. Choyamba, solola madipisitiki onse awiri, wa injini ndi wa giyabokosi, upukutire papepala loyera. Mafuta a giyabokosi akakhala ofiira bwino, ali bwino. Akada n'kumanunkha kupserera, mbale za mkati zapsa. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kuchokera ku lediyeta. Ukatha apo, ndiye pamabwera mayeso amene tinkawatcha kuikakamiza. Uike miyala kumatayala onse anayi, ukoke handibuleki, uponde buleki ndi mwendo wamanzere, uike giya mu D, kenako uponde moto mpaka pansi uku ukuwerenga kufika pa faifi, maso ali pa muvi wa liwiro la injini. Muvi ukakanika kukwera, vuto ndi injini kapena konveta. Ukathawira m'mwamba, giyabokosi ikuterereka kapena mafuta achepa.

"Ndipo kutsogolo kusakhale ngakhale nkhuku," ankatero nthawi zonse.

Nditatha miyezi isanu ndi umodzi ndinali nditayamba kudzimva. Mwana anali atabadwa, ovolosi yanga inali itada mokwanira, ndipo anzanga akabaza ankandiitana kuti injiniya. Ndi nthawi imeneyo, m'mwezi wa Malichi, pamene tinaitanidwa ku Simlemba, kwa mlimi wina dzina lake a Gondwe. Galimoto yawo inanyamula feteleza wa makuponi wa kalabu yonse mvula isanayambe, maulendo angapo m'misewu ya mchenga, ndipo kuchokera pamenepo inkangolira kwambiri koma kuyenda pang'ono. Tsopano fodya anali atauma, mabelo akudikira. Tinapita pa njinga yamoto ya a Mwale, bokosi la masipanala lili pamiyendo panga.

A Gondwe anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali wolankhula motsitsa, wovala jekete ngakhale ali pakhomo. Galimoto anaiimika moyang'ana m'chigafa, mphuno yake ili pafupi ndi mzati woyamba. M'chigafamo fodya anali lendelende pamikangala, ndipo pansi panali mayi Gondwe ndi amayi ena atatu, atatambalala, akusankha masamba. Mayi Gondwe anali atamanga nsalu m'mawondo onse awiri.

Tinapatsidwa mipando pansi pa mango, malonje n'kuyamba, chimanga chootcha n'kubwera. A Mwale anandiyang'ana. "Chisale, kaone mafuta, uitenthetse injini. Ndikubwera."

A Gondwe anandiperekeza ndi kiyi. Ndinatsegula boneti, dzanja langa n'kupita pa dipisitiki.

"Mafuta musavutike nawo, adada," anatero. "Wa minibasi wina anandiuza kuti giya ikufuna mafuta ofiira. Ndathira ndekha dzulo, chigubu chonse."

Dzanja lija linaima m'malere. Munthu wa msinkhu wa bambo anga, mkulu wa mpingo, wonditchula adada ndili ndi ovolosi yong'ambika, wanena kuti wathira. Kusolola dipisitiki iwo ali pomwepo kunali ngati kuwauza kuti ndi abodza. Ndinapukuta dzanja louma pa ovolosi n'kunena kuti, "Chabwino, madala." Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinalidya nditauzidwa kale.

Iwo atabwerera kwa mlendo wawo, ndinaliza injini. Maganizo anandibwerera akuti ndingoikakamiza ndekha, kuti a Mwale akamabwera ndiwalandire ndi yankho. Miyala sindinaione pafupi, choncho ndinatola zidina ziwiri n'kuika kumatayala akutsogolo. Kenako ndinasuzumira m'chigafa.

"Zikomo amayi, kapena mungasunthe pang'ono?"

"Gwirani ntchito yanu, bambo," anayankha mayi Gondwe. "Ife sitikusokonezani."

Amayi aja anaseka, nanenso ndinaseka. Kuwauza kachiwiri kuti adzuke m'chigafa chawo chomwe ndinachita nako manyazi. Ndinalowa m'galimoto boneti ili chotsegula, kutsogolo sindikuona kanthu kupatula kampata kakang'ono pansi pa bonetiyo.

Handibuleki, mwendo wamanzere pa buleki, giya mu D, moto mpaka pansi. Wanu, thu, fili. Muvi unathawira m'mwamba, ndipo ndinamwetulira poganiza kuti vuto ndalipeza. Ndinachotsa phazi pamoto.

Injini siinatsike. Inakweranso.

Kulira kwake kunasintha, kunakhala kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinaganiza kuti chopondera chakakamira, ndinachikoka ndi nsonga ya nsapato, koma chinali m'malo mwake. Ndinazimitsa kiyi. Timagetsi tonse tinathima, muvi unagwa, koma injini inapitirira kukuwa. Utsi woyera unatuluka kumbuyo, mphepo n'kuubweza, ndipo posakhalitsa sindinkaona ngakhale galasi la pambali. Dizilo siifuna moto wa mapulagi. Ikapeza mpweya ndi chakudya imalira basi, ndipo iyi inali itayamba kumwa mafuta ake omwe. Ikanakhala ya manyuwo, yokhala ndi kilachi, ndikanaiika giya yaikulu n'kusiya kilachi mwadzidzidzi, ikanazima. Koma konveta imangoterereka, siingazimitse injini.

Kenako giyabokosi inayamba kugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya. Ikagwira, galimoto yonse inkadumpha. Ndinamva zidina zija zikuphwanyika. Ndinaika mapazi onse awiri pa buleki, msana n'kukankha mpando, manja akukoka chiwongolero. Matayala akumbuyo ankakumba dothi lonyowa, akutsogolo akukhukhuluzika pang'onopang'ono. Pa kampata kaja ndinaona chitenje chobiriwira chili pansi, osasuntha. Kenako panamveka kuti pho, bampala itagunda mzati, mikangala n'kuyamba kugwa. Amayi anakuwa.

Mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire. Ndinadzikodzera, sindibisa. Dzanja linapita pa giya kuti ndiichotse mu D, koma nthawi yomweyo nkhope ya a Mwale inatulukira pawindo.

"Usaichotse! Ukaimasula iphulika, zitsulo zitilasa tonse! Gwira buleki!"

Anazimiririka mu utsi. Ndinatsala ndekha ndi miyendo yanga. Zaka zonse zopalasa kabaza m'zitunda sindinamvepo miyendo ikunjenjemera chotero, ndipo buleki inkaoneka ngati ikumira pang'ono ndi pang'ono pansi pa mapazi anga. Ndinayesa kupemphera koma mawu amene ankatuluka anali amodzi okha, akuti chonde, chonde. Ndinkadziwa kuti mwendo ukangofooka kamodzi, aliyense amene ali pansi pa mikangala ija ndamupha ine.

Zimene a Mwale ankachita ndinazimva pambuyo pake. Anadula ndi mpeni paipi yaikulu yolowetsa mpweya mu injini, n'kuthamangira pa jeke wodindira mabelo amene anali pambali pa chigafa, kukazula kathabwa. Atakaika koyamba pakamwa pa paipi kanakhala mopendekera, injini n'kupitirira kupuma. Kachiwiri anakakanikiza ndi manja onse awiri ndi chifuwa chomwe. Injini inatsamwa, inagwedeza galimoto katatu, n'kufa.

Kunangoti zii. Miyendo yanga inakana kuchoka pa buleki. A Mwale anatsegula chitseko, anaika giya mu P, kenako anachita kunyamula mapazi anga ndi manja, limodzilimodzi.

"Alipo wafa?" ndinafunsa.

Ndinayenda chogwira galimoto mpaka kutsogolo. Mzati unali utapendekeka, denga la udzu litatsika mbali imodzi, a Gondwe ndi anthu ena akuchotsa mikangala. Amayi atatu aja anali atathawa. Mayi Gondwe mawondo anawakaniza kudzuka msanga, mikangala n'kuwapanikiza pomwepo. Anali chikhalire, masamba a fodya ali m'mutu, magazi akutsika pachipumi, miyendo yawo yonse iwiri ili pansi pa bampala. Kuchoka pa tayala kufika paphazi lawo lamanja, chikhato changa chikanakwana.

Anthu atawatulutsa ndi kuwasambitsa bala lija, a Mwale anabwerera pa galimoto anthu onse akuona. Anasolola dipisitiki wa injini. Mafuta anali atakwera kutali kupitirira chizindikiro, akuda koma ofiirira. Anasolola wa giyabokosi. Kunsonga kokha ndi kumene kunali konyowa.

"Madala, tandilozereni pamene munathira."

A Gondwe anatambasula chala n'kugwira chitsekerero cha pamwamba pa injini. "Apa, adada. Kodi pali penanso?"

Chigubu chonse chinapita mu injini. Nditaiponda moto, mafuta osefukirawo anakankhidwira m'njira ya mpweya, injini n'kuyamba kuwamwa. Vuto lenileni limene anatiitanira a Mwale analipeza m'mphindi zochepa: kapaipi ka labala kopita ku lediyeta kanali katang'ambika, mafuta a giyabokosi akudontha pang'onopang'ono kuyambira nthawi ya feteleza ija. Inali ntchito ya kapaipi kamodzi ndi mafuta othira pamalo pake. Tsopano konveta inali itapsa mpaka kusintha mtundu, ndipo giyabokosi yonse inayenera kutsitsidwa.

Ndinkadikira kuti andikalipire, mwinanso kundichotsa ntchito pomwepo. Anangondifunsa motsitsa, akupukuta manja amene thabwa linawasupula.

"Ndinakutuma kuona mafuta. Unaona?"

"Anandiuza kuti athira."

"Ndiye unaona ndi makutu."

Anatembenuka n'kuyamba kulongedza masipanala. Bola akanandimenya mbama.

Tisananyamuke ndinapita kukhonde kumene anakhazika mayi Gondwe, nditamanga juzi m'chiuno kubisa manyazi anga. Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa koma anandithawa onse, ndinangoti, "Amama, ndalakwa." Anandiyang'ana, nsalu yonyowa ili pachipumi. Sanali okwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa kwambiri.

"Inu mumadziwa kuti chinthuchi chimadumpha?"

"Ndimadziwa, amama."

"Ndiye mukanangotikalipira, bambo. Tikanachoka."

A Mwale sanandichotse ntchito. Giyabokosi ija anandisiyira kuti nditsitse ndekha, kawiri konse ndikupita ku Simlemba, ndipo ulendo uliwonse ndinkadutsa pa mzati watsopano wa chigafa chija maso ali pansi.

Lero ndili ndi galaja yanga, ndipo pa Boma amandidziwa kuti ndine makaniko wamwano. Abwere bwana wa ku ofesi, abwere abusa, anene kuti mafuta athira okha, ndimasolola madipisitiki onse awiri iwo akuona, kenako ndimawauza kuti andilozere ndi chala pamene anathira. Ena amanyansidwa n'kupita kwina, ndipo sindiwaletsa. Ndikafuna kuikakamiza galimoto, aliyense amene waima kutsogolo ndimamupempha kamodzi kokha. Akaseka, ndimakalipa mpaka atachoka, kaya ndi wamkulu bwanji. Akwiye, bola apite kwawo ndi miyendo yawo.