Ndinasuntha Rauta, Mwana Wanga Anatchedwa Wachinyengo

Linali Loweruka lachiwiri la mwezi wa Julayi chaka chatha, 2 koloko masana itangodutsa, pamene ndinachita chinthu chimene chinaipitsa dzina la mwana wanga. Sindinamumenye, sindinamutukwane. Ndinangonyamula kabokosi ka intaneti, kaja amati rauta, kuchoka pawindo n'kukaika m'kabati. Kenaka ndinabisa zimene ndinachitazo. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, ndikulemba izi kuti musadzachite ngati ine.

Ndimakhala ku Matero muno mu Lusaka. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, ine ndinabadwira konkuno. Ndimasunga katundu pamalo ena ogulitsa zitsulo, ndipo ntchitoyi inandizoloweza kuti chinthu chilichonse chamtengo chizikhala pobisika. Kunyumba kwanga rimoti ya TV ikadali m'pulasitiki yake. Anthu amati ndine wosamala, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Mwana wanga Limbikani ali ndi zaka 23. Sekondale anamaliza bwino koma ntchito yolembedwa sanaipeze. Masana amakonza mafoni pakabenchi ka mnzake pamsika, madzulo amasewera gemu ya mpira pakompyuta. Samangosewera. Amaulutsa masewerawo pa intaneti nthawi yomweyo, anthu n'kumaonera pamafoni awo. Pachithunzipo pamaoneka bwalo la mpira, ndipo pakona pamaoneka nkhope yake ndi manja ake. Ine ndinkaziona ngati zachibwana, ndipo ndinkamuuza choncho. Sindinamufunsepo ngakhale kamodzi kuti zimayenda bwanji.

Mwezi umenewo kunali mpikisano wokonzedwa ndi bambo wina wa ku Chilenje amene ali ndi nyumba ya magemu. Wopambana ankayenera kulowa m'timu yake, yolandira kangachepe pamwezi. Aliyense ankasewera ali kwawo, choncho panali malamulo awiri okhwima. Chithunzi chizioneka bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nkhope ndi manja, kuti pasapezeke wosewerera mnzake. Ndipo wochoka pampando masewera ali mkati, waluza. Limbikani anagonjetsa anzake mpaka anafika pamasewera omaliza, amene anali oti achitike Loweruka lomwelo 3 koloko masana, kapena fifitini awazi monga timanenera kuno.

Sabata yonse anakonzekera. Anabwereka batire kuopa kuti magetsi angathime. Anatipempha ine ndi amayi ake kuti tsikulo tichotse mafoni athu pa intaneti ya m'nyumba. Ndinamva pambuyo pake kuti anali atayesa makona onse a nyumba mpaka anapeza kuti netiweki imagwira bwino pawindo la pabalaza, loyang'ana kumene kuli nsanja ya mafoni. Ine sindinkadziwa. Ndinkangoganiza kuti waika rauta pawindo chifukwa cha kusasamala kwa ana amasiku ano.

Loweruka timaweruka masana. Ndikufika kunyumba ndinapeza anthu ataunjikana pakhomo pa aneba athu, ba Tembo. Foni yawo inali itabedwa dzuwa likuswa mtengo. Akuba anangolowetsa waya wopinda pakati pa zitsulo za pawindo n'kuikoka ili patchaja. Aliyense wokhala m'komboni amaudziwa ubava umenewu. Nditalowa m'nyumba mwanga, chinthu choyamba kuchiona chinali rauta ija, ikuthwanima pawindo lotsegula, mbali ya kanjira kodutsa anthu. Sindinaganize kawiri. Chingwe chake chinali chachitali, choncho ndinaisuntha osaizimitsa. Ndinaiika m'munsi mwa kabati, kuseri kwa mapoto ndi mathireyi azitsulo amene timatulutsa kukabwera alendo, ndipo ndinatseka chitseko. Mtima wanga unakhala pansi. Limbikani anali atadzitsekera kale kuchipinda kwake.

Masewera atayamba, amayi ake anakhala pampando pabalaza n'kumaonera pafoni yawo ndi mabandulo awoawo. Sipanapite nthawi anandiitana kuti ndione. Osewera a m'gemumo akaima, chithunzi chinkaoneka pang'ono. Mpira ukangothamanga, zonse zinkasanduka timabokosi tosakanikirana, ngati munthu akuyang'ana panja kudzera pagalasi la minibasi m'mawa wozizira. Pakona paja nkhope ya mwana wanga inali chimbuuzi chokhachokha. Manja ake sankaoneka n'komwe.

Ndinamva akukuwa kuchipinda. “Ba tate! Onaniko rauta, ili che bwino?”

Ndinatsegula kabati, ndinaona timagetsi tikuyaka, ndinatsekanso.

“Ili bwino. Ikuyaka.”

Kwa ine chinthu chamagetsi chikayaka ndiye kuti chikugwira ntchito. Iye anandikhulupirira chifukwa sakanatha kuchoka pampando, komanso chifukwa ndine bambo ake.

Pa nthawi yopuma anayesa zonse zimene amadziwa. Anachepetsa kukula kwa chithunzi kuti chisalemere potumiza. Anatseka zina zonse zimene zinali zotsegula pakompyuta. Anapukuta kamera ndi malaya ake. Palibe chinasintha, chifukwa vuto silinali kuchipinda kwake. Koma oonera ankangoona chithunzithunzi cha munthu akuwerama, akusuzumira kumbali, akuphimba kamera ndi nsalu. Anayamba kulemba mawu pansi pa chithunzicho, ndipo amayi ake ankandiwerengera. Wina anamutcha kamwana, nati, “Uyu mwaiche abisa chani?” Wina anati, “Ni mukulu wake amene asewera, ise sindise vipuba,” kutanthauza kuti iwo si zitsiru. Ena ankangoika tinkhope toseka.

Masewera ali pafupi kutha, mkazi wanga anatsitsa foni n'kunena yekha kuti, “Koma dzulo vinali voyera. Chasintha ni chani?”

Inu owerenga, apo m'pamene ndinadziwa. Chinthu chimene chinasintha m'nyumbamo kuyambira dzulo chinali chimodzi, ndipo wochisintha ndinali ine. Ndikanatha kunyamuka pomwepo, kubweza rauta, n'kukuwa kuti mwana wanga, ndine ndalakwitsa. Oonera onse akanamva mawu anga, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinakhala duu. Ndinadikira mpaka mkazi wanga atalephera kupirira n'kutuluka kukayanula zovala. Ndiye ndinatsegula kabati mwakachetechete, ndinabweza rauta pawindo, ndinaiyang'anitsa mmene ndinaipezera, n'kukhalanso pampando wanga ngati munthu amene sanasunthe.

Limbikani anapambana ndi chigoli chimodzi. Ndipo netiweki inabwerera mwamphamvu nthawi yomwe mluzu womaliza unalira. Chithunzi chinayera kuti mbee, nkhope yake ikuoneka mpaka thukuta. Ganizani mmene zinaonekera kwa anthu. Masewera onse chimbuuzi, kungotha basi zonse zayera. Ndikanaisiya rauta m'kabati, mwina akanati ndi netiweki ya ku Matero. Pofuna kufufuta mapazi anga ndinawapatsa umboni umene ankaufuna.

Bambo wa ku Chilenje uja anaimba foni dzuwa lisanalowe. Ndinkamva mbali ya mwana wanga yokha, akubwerezabwereza kuti, “Awe ba bosi, nenze neka. Nalumbira, nenze neka.” Sizinathandize. Malo a m'timu anapatsidwa kwa mnyamata wa ku Mandevu amene anagonja, ndipo pagulu lawo la pa intaneti analemba dzina la Limbikani kuti wachotsedwa chifukwa chobisa chithunzi dala.

Anatuluka kuchipinda maso ali psuu, n'kupita molunjika pawindo. Anapeza rauta ili pamalo pake, timagetsi tonse tili bwinobwino. Anaigwira, anatsata chingwe mpaka kukhoma, kenaka anatembenukira kwa ine.

“Ba tate, palibe anagwirako apa?”

“Angagwire ndani?” ndinatero.

Mawu amenewo ndi amene amandiwawa kuposa zonse. Kusuntha rauta kunali kusadziwa. Awa anali bodza, ndipo ndinalinena ndikumuyang'ana m'maso.

Anabwerera kuchipinda kukayesanso. Anaulutsa kachidutswa ka masewera, chithunzi chinali choyera. Anayesanso, choyera. Munthu wokonza zinthu akapeza vuto mtima umakhalako pansi, koma iye analibe choti apeze. Anayamba kudzikayikira, kuti mwina anadina penapake molakwika chifukwa cha mantha. Anzake a pamsika anali atayamba kale kumutumizira mauthenga omuseka. Pamenepo ndinazindikira china chimene sindinachiganize. Ntchito yokonza mafoni imayenda ndi chikhulupiriro. Munthu amakusiyira foni yake ndi zonse zili mkatimo. Ndani angasiyire foni mnyamata amene komboni yonse ikumutcha wachinyengo?

Chakudya chamadzulo sanadye. Anabwera pabalaza kudzatenga katoni yopanda kanthu imene ndimasunga kuseri kwa chitseko, nati akufuna kulongedza zipangizo zake akagulitse. Ataima pakhomo ananena modekha, osandiyang'ana.

“Munali kukamba zoona, ba tate. Ni va bana ivi.”

Kwa zaka ndinkafuna kumva mawu amenewo. Tsiku limene ndinawamva ndinasiya chakudya changa m'mbale.

Mkazi wanga anakulira ku Kabwe, ndipo salankhula mozungulira. Akutsuka mbale panja anandiitana kuti ndimugwirire tochi, ngakhale kunali kusanade kwenikweni. Atatsuka mbale ziwiri anayamba, akunditchula monga amachitira kwawo pofuna kunena kuti bambo a Limbikani.

“Bashi Limbi, pamene nenze kuyanula vovala, nenze pafupi na windo.”

Anaika mbale pansi n'kupitiriza.

“Ine sinizakamba. Muzakamba mweka. Koma mwana wanga sazayenda na dzina ya kawalala mu Matero chifukwa imwe muopa nsoni.”

Kawalala kuno ndiye wakuba. Anatenga tochi m'manja mwanga n'kulowa m'nyumba.

Inu owerenga, ndilibe nzeru zambiri zoti ndikupatseni pa zamakompyuta, koma zochepa zimene ndaphunzira ndi izi. Kuonera kanema pafoni n'kosiyana ndi kutumiza kanema kunja. Kutumiza kumafuna netiweki yamphamvu komanso yosadukaduka, makamaka pamene zinthu zikuthamanga ngati mpira. Netiweki ikafooka, gemu imatha kuyendabe koma chithunzi chopita kwa anthu chimaphwanyika. Rauta ikhoza kuyaka magetsi koma ikulephera kupuma. Khoma, kabati ndi zitsulo zimaitsamwitsa. Ngati mwana wanu waiika pamalo amene inu mukuona kuti ndi olakwika, mufunseni kaye. Safunsa anadya phula. Ngati mukuopa akuba, tsekani windo kapena mangani kashelefu pamwamba pamene waya sungafike, koma chitani naye limodzi.

Chachikulu si chimenecho. Ife abambo timafuna ana athu azivomera akalakwa, koma ife tikalakwa timasaka njira yoti nkhani ife yokha. Cholakwa changa chinali chaching'ono, ndipo chikanatha ndi mawu ochepa onenedwa pa nthawi yake. Ndinachikulitsa ndi manyazi. Malo aja a m'timu sanabwerere, chifukwa anali atapatsidwa kale kwa wina. Nditaulula, okonza mpikisano aja anachotsa dzina lake pomwe analilemba, koma pamsika alipobe ena amene amamutcha dzina lachipongwe akamadutsa. Ine ndi iye timalankhulana, koma ndikamuuza chinthu masiku ano amapita kukachiona yekha. Sindimuimba mlandu. Musadikire kuti mkazi wanu akuoneni pawindo. Nenani pamene kunena kukadathandiza.

M'mawa mwake, mkazi wanga atandiuza mawu aja, linali Lamlungu. Ndinasamba, ndinavala suti yanga ya kutchalitchi, koma kutchalitchi sindinapite. Ndinagogoda pachitseko cha Limbikani. Ndinamupeza atakhala pabedi, katoni ija itadzaza theka. Ndinaima chilili n'kumuuza zonse motsatana, za ba Tembo, za kabati, za kubweza mwakachetechete, ndi za bodza lija. Sanakalipe.

“Munaniona nilira, ba tate. Munankhala che zii?”

Ndinati inde.

Kenaka ndinamupempha kuti atulutse zipangizo zake m'katoni, alumikize zonse, aitane bambo wa ku Chilenje ndi onse amene anaonera dzulo. Anandifunsa kuti chifukwa chiyani. Ndinati anamunyoza pagulu, choncho pagulu pomwepo m'pamene ndiyenera kulankhula. Ine ndine munthu amene ngakhale paukwati ndimathawa wojambula. Anayamba kulumikiza zingwe.

Atamaliza anakoka mpando wake uja n'kundilozera. Ndinakhala, ndinakonza tayi, manja ndinaika pamaondo. Pambali pa chithunzi ndinaona mayina a anthu akulowa mmodzimmodzi, ena atayamba kale kufunsa kuti mudala ameneyu ndi ndani. Limbikani anaima kumbuyo kwanga, anawerama n'kukweza kamera pang'ono kuti igwire nkhope yanga yonse.

“Kambani, ba tate,” anatero. “Bakumvelani.”

Ndinatchula dzina langa, ndinanena kuti ndine bambo ake a Limbikani, ndipo ndinayambira pa 2 koloko.