Jombo za a Shaba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene anali apolisi ku Mzimba boma. Ine kwathu ndi ku Dedza. Nditalephera kupita ku sekondale, chapakati pa zaka za m'ma 1970, achemwali anga ananditenga kuti ndizikakhala nawo kulaini ya apolisi. Patatha chaka, alamuwo anabwera ndi nkhani yoti pa kachipatala kena ka kufupi ndi Manyamula akufuna mtsikana wodziwa kulemba komanso wosaopa magazi. Sanandiuze kuti mbali ina ya ntchitoyo ndi ya odwala khate. Akanandiuza sindikanapita.

Kachipatalako kanali ka zipinda zitatu ndi khonde lalitali. Woyang'anira anali a Gondwe, bambo wamfupi wosalankhulalankhula, amene anthu ankangowatchula kuti adokotala. Ine ndinkakolopa, kutunga madzi, kuwiritsa zopanira ndi sizasi pa mbaula ya pulayimasi, kupinda mabandeji ochapa, ndi kutsuka zilonda. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse linali la odwala khate. Ankabwera kudzalandira timapiritsi toyera toti amwe mwezi wonse, ndipo ankakhala kumapeto kwa khonde, kutali ndi amayi a sikelo.

Poyamba ndinkagwira beseni lawo ndi nsonga za zala. A Gondwe anandiona koma sanandikalipire. Anangotenga phazi la mayi wina n'kuliika pamwendo pawo, n'kundiuza kuti ndisendere pafupi. Anandifotokozera kuti munthu amene wakhala akumwa mankhwala sapatsira mnzake, ndiponso kuti khate silidula zala monga tinkamvera kumudzi. Chimene limachita ndi kupha kumva kwa khungu. Phazi silimvanso munga kapena moto, silitulukanso thukuta, ndiye khungu limauma n'kuyamba kung'aluka. Dothi likalowa m'ming'alumo, chilonda chimadya mkati mpaka pafupa, mwini wake akuyendabe osadziwa kanthu.

"Iwe ukaponda munga umalira, Felista," anatero. "Awa salira. Maso akowo ndiwo azilira m'malo mwawo."

Anandiphunzitsa ndondomeko yake. Wodwala aliyense avule nsapato, zonse ziwiri. Aviike mapazi m'beseni la madzi wamba kwa theka la ola. Khungu likafewa, ukhule pouma ndi mwala wosalala, pang'onopang'ono, osafika pamagazi. Phazi lisanaume ulipake vaselini kuti madzi asathawe m'khungu. Uyang'ane pakati pa zala, pansi pa phazi ndi kuchidendene. Ugwire ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa pamene pakutentha kuposa pena ndiye kuti mkati mwayamba chilonda. Kenako upise dzanja m'nsapato mpaka kunsonga, kufufuza mwala kapena msomali. Ukatha zonsezi ndi pamene uchonge pakhadi la wodwalayo kuti mapazi ali bwino. A Gondwe ankawerenga makhadi onse tsiku lotsatira.

Pa odwala onsewo amene ndinazolowerana nawo kwambiri anali a Shaba, bambo wamtali, mlimi wa fodya ndi chimanga, amene ankayenda maola atatu kuchokera kumudzi kwawo. Chichewa anachiphunzira kumigodi ya ku Zambia ali mnyamata. Manja awo anali abwinobwino, koma mapazi onse awiri anali akufa, ndipo phazi lakumanzere linali litataya kale zala ziwiri. Maso awonso sankaona bwino zapafupi. Ankanditchula kuti mwana wane, ndipo mapazi ali m'madzi ankandiphunzitsa Chitumbuka, n'kumaseka ndikapotoza lilime. Nthawi zina ankandibweretsera mtedza m'kathumba.

Mwana wawo wogwira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa anawatumizira jombo zamphira, zakuda, zofika m'mawondo. A Gondwe sanazikonde. Anati mkati mwa jombo simuoneka, bola nsapato zofewa zotsekula zimene odwalawo ankapatsidwa. A Shaba anakana mwaulemu. Anati akavala jombozo n'kupita kumsika palibe amene amayang'ana kumapazi kwawo, ndipo ogulitsa amalandira ndalama m'manja mwawo ngati munthu wina aliyense. A Gondwe anagonja, koma anandiuza kuti jombo zimenezo ndizipisamo dzanja mwezi uliwonse osaphonya.

Lachitatu lina la mwezi wa Malichi a Gondwe anapita kuboma kukatenga mankhwala, ndipo ndinatsala ndekha. M'mawa womwewo kunabwera mayi wina wotsogolera amayi a chipani m'deralo. Anati pofika masana amayi onse akhale ali pabwalo la sukulu kukonzekera magule, chifukwa kukubwera akuluakulu odzaona amene alipo ndi amene palibe. Anandikumbutsa kuti ndinali nditajomba kale kawiri, n'kundifunsa akumwetulira ngati ndili ndi maganizo ena. Amene munakhalapo masiku amenewo mukudziwa kulemera kwa funso limenelo. Ndinaganiza za ine ndemwe, ndinaganizanso za ntchito ya alamu anga.

Ndinagwira ntchito mothamanga, mabeseni awiri nthawi imodzi. A Shaba anafika omaliza chifukwa cha mvula, matope mpaka m'mawondo, ng'oma zitayamba kale kumveka kusukulu. Ndinawawerengera mapiritsi awo n'kuwafunsa za mapazi.

"Nili makola, mwana wane," anayankha m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ali bwino, uku akuwerama kuti avule jombo.

Jombo yonyowa siivulika msanga. Ndinawauza kuti asavutike, tidzaona mwezi wamawa. Pamene ankaweramuka ndinamva kafungo. Sikanali ka matope kapena ka mphira. Ndinali nditatsuka zilonda miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kafungo kameneko ndinkakadziwa bwino. Ndinadziuza kuti kakuchokera m'chidebe cha mabandeji akale. Ndinachonga pakhadi, ndinatseka chitseko, ndinamanga nsalu ya chipani m'chiuno n'kuthamangira kusukulu. Ndinavina mpaka dzuwa kupendeka.

Patatha masiku khumi ndi awiri, ndikusesa pakhonde m'mawa, ndinaona ngolo ya ng'ombe ikukhotera kuchipatala. Kutsogolo kwake kunkayenda mayi wochepa thupi, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi a NyaTembo, akazi awo a Shaba. M'ngolomo, pamphasa, munagona a Shaba atafunda bulangete, akunjenjemera. Phazi lakumanja linali losavala kanthu. Lakumanzere linali m'jombo, ndipo mphira inali itakungika ngati chikopa cha ng'oma.

Tinawanyamulira pabedi loyezera odwala. Jomboyo inakanika kuvuka, choncho a Gondwe anaidula ndi sizasi yaikulu kuyambira pabondo kutsika. Fungo linadzaza chipinda mpaka amayi a pakhonde anasuntha. Mwendo unali utatupa ndi kuda mpaka pakatumba, ndipo mzere wofiira unkakwera kukafika pamwanabere wa m'mphechepeche. A Gondwe anatembenuza jomboyo n'kundionetsa mkati. Munali msomali, wa mtundu umene amakhomera mitengo ya chigafa cha fodya. Unalowera pansi, mutu wake n'kuperepeseka ndi kuyenda, ndipo nsonga yake inatulukira mkati pang'ono chabe, mwina ngati njere ya mpunga. Dzanja likanaupeza nthawi yomweyo.

Sanandiyang'ane. Anandiuza kuti ndiwiritse madzi, ndithiremo mchere, ndibwere ndi zopanira ndi thonje lonse limene tinali nalo. Ndinagwira beseni iwo akutsegula chilondacho. Mafinya anatuluka ambiri, ndipo chopanira chinalowa mpaka kugunda fupa. A Shaba sanabuule n'komwe. Thupi lonse linkawotcha, mano akugundana, koma phazi limene tinkalikumbalo linali ngati la munthu wina. Nthawi ina anatsegula maso, anandizindikira, n'kundithokoza kuti, "Yewo, mwana wane."

A Gondwe anawabaya jakisoni wa penisilini n'kutuma munthu pa njinga kuti akaimbe foni kuboma. Galimoto inachedwa chifukwa cha matope. Podikirapo ndinakawapatsa a NyaTembo madzi akumwa pakhonde, ndipo anayamba kundifotokozera, akusakaniza Chitumbuka ndi Chichewa kuti ndimve. Anati Lachitatu lija lisanafike iwo anali ataona kale madontho pamphasa ndi kabala kakang'ono pansi pa phazi, ndipo anawauza amuna awo kuti akaonetse kuchipatala. Atabwerako anawafunsa.

"Iwo anati mwana wa kuchipatala wanena kuti palije kanthu, adzaona mwezi wamawa. Mbwenu nane ndinakhala chete. Nanga ine ndingapose achipatala?"

Sanalankhule mondiimba mlandu. Ankangofotokoza mmene zinayendera. Inali nthawi yothyola fodya, ndiye a Shaba ankavala jombozo tsiku lililonse kupita kumunda, mpaka tsiku limene yakumanzereyo inakana kuvuka. Atamaliza kufotokoza anandibwezera kapu ndi manja awiri, n'kundithokoza chomene chifukwa chowasamalira amuna awo.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Itanyamuka, a Gondwe anandiitanira m'chipinda chawo. Khadi la a Shaba linali patebulo, chala chawo chili pamene ndinachonga paja. Anandifunsa ngati ndinaliona phazilo. Ndinati ayi. Ndinawauza za mayi wa chipani ndi za magule. Anayang'ana kukhomo, chifukwa pa nkhani imeneyo panalibe chimene munthu akananena mokweza.

"Za kusukuluko sindinenapo kanthu," anatero pomaliza. "Koma ukanasiya posachonga, ine ndikanakwera njinga m'mawa mwake kukawaona kwawo. Wandimanga maso ndi cholembera."

Za kafungo kaja sindinawauze. A Gondwe anapuma pantchito, anamwalira, osadziwa.

Kuboma anawadula mwendo a Shaba, koma poizoni wa chilondacho anali atalowa kale m'magazi. Anamwalira patatha masiku atatu. Sanandichotse ntchito. Lachitatu loyamba la mwezi wotsatira ndinaika mabeseni pakhonde monga mwa masiku onse, ndipo odwala ena anandipatsa moni osatchula kanthu, ngakhale onse anali atamva za malirowo. Ndinakhala pamalopo zaka zina zisanu ndi chimodzi, kenako ndinagwira m'zipatala zina mpaka ukalamba.

Anthu amaona ngati khungu ndi nkhani ya kutchena, ya mafuta onunkhira. Ine ndinaona bambo wamphamvu, wolima yekha munda wa fodya, akuphedwa ndi kabowo kosakwana n'chala chomwe. Matenda ambiri amene ndinatsuka m'zaka zonsezo analowera pakhungu losweka limene wina analinyozera. Atsikana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawauza zinthu ziwiri: wodwala akati ali bwino, muvuleni ndithu muone, ndipo chimene maso anu sanaone musachilembe. Ena ankati ndine wovuta. Sindinawauze chifukwa chake.

Pano khate silionekanso kawirikawiri, koma kwabwera shuga, amenenso amapha kumva kwa mapazi. Kutchalitchi anthu akagwada n'kutsinzina, ine maso anga amakhala pazidendene za amene ali kutsogolo kwanga. Ndikaona mng'alu wakuda kapena kabandeji kakale, pemphero limandithawa. Ndimadikira potuluka, n'kumugwira munthuyo pamkono ngakhale sindikumudziwa, n'kumupempha kuti tikhale pansi pamthunzi andionetse phazi lake.