Musazimitse, Nyimbo ya Achemwali Ili Mkatimo

Anzanga inu, Lachitatu dzanja langali linatsala pang'ono kundiphera mawu a munthu. Dzanja langa lomweli, ee, lomwe ndimaombera kukwaya!

Loweruka tikutsegulira chiliza cha achemwali anga. Asanatisiye anaimba nyimbo ya Chilomwe imene agogo athu anaoloka nayo kuchokera ku Mozambiki, mwana wanga n'kuwajambula pa laputopu. Nyimboyo siili kwina, ili mommo basi. Tsono laputopuyo yakalamba ngati ine. Ukaitsegula imaganiza, imaganiza, mpaka kuuma gwa. Batire inafa kalekale, imapumira pa waya wa magetsi.

Ndinaikulunga m'chitenje, pa minibasi, mpaka ku Limbe kwa a Makwinja okonza makompyuta. Anayesa kukopera nyimboyo pa fulashi, inauma panjira. Kawiri.

"Mayi, imeneyi mutu ukaidzadza imatula katundu m'kachipinda kapadera pa disiki. Ife timati peji failo. Tsono kachipindako kaduka zidutswazidutswa, china uku china uko."

"Ngati ine m'mene ndinkasamuka ku Naperi? Mphasa kwa apongozi, ndowa kwa aneba?"

"Ndendende. Ndikachotse kaye, ndilongedze disiki yonse, kenako ndikapatse malo amodzi. Koma disikiyi yatopa, mayi. Ikazima pakati, ine sindikulonjeza kanthu."

Pagalasi panabwera timabokosi, tofiira, tobiriwira, tikusuntha pang'onopang'ono ngati mzere wa kuchipatala. A Makwinja anatuluka kukathandiza kasitomala pakhonde.

Pomwepo kumwamba kunada bii. Phaliphali! Gululuuu!

Inu mukudziwa m'mene tinakulira. Chiphaliwali chikang'anima, zula wailesi, phimba kalilole. Sumaganiza, thupi limangochita lokha. Galasi la laputopu likuphethira apo ngati kalilole, ine chitenje vuu! pamwamba pake. Dzanja lina lili kale pa pulagi. Ndagwira. Ndayamba kukoka.

"Mayi! Mayi! Chala chokhacho chisasunthe!"

"Mphenzi itiwotcha, bambo!"

"Iwotche ine, mayi, ndine wamtali! Siyani pulagiyo!"

Anaikankhira mkati pang'onopang'ono, chitenje n'kuchotsa kuti makina asatenthe. Timabokosi tinali tii, osasuntha. Ndinayamba kuimba nyimbo ija chamumtima kuti ngati yapita ndiigwire mchira. Ndime yoyamba ndinaipeza. Yachiwiri, theka. Yachitatu, anthu inu, mbee! Ine amene ndinagona nawo mphasa imodzi achemwaliwo!

Kenako kabokosi kamodzi kanasuntha. Kena. Kena. Lululululu! Ndinaimba nthungululu m'shopu ya eni, makasitomala kudzidzimuka. Patapita maola awiri mawu a achemwali anatuluka, osadukaduka, n'kulowa pa fulashi bwinobwino. Ndinavina, musandifunse.

Koma pobwerera chimwemwe chinandithera pa Chichiri. Ndinaimbira msuweni wa ku Chimwankhunda, akudziwa ndime yachiwiri yokha. Achimwene a ku Sunnyside akudziwa chuni, mawu ayi, akuti Chilomwe chimawakola lilime. Adzukulu ndiye amangoti, "Agogo, titumizireni pa foni." Mwaona? Nafenso tadukaduka, china uku china uko. Tikayesa kuimba pamodzi timauma panjira.

Si ife tokha. Nyumba zambiri mu Blantyre muno tinatula zonse m'makina: mawu a makolo, maina a midzi, amene anabala uje. Timati zasungika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anzanga, wapachala ndi wa mphepo.

Ine ndalamula. Lachisanu onse kwathu, mafoni m'lichero. Tiimba mpaka ndime zitatu zikhale m'kamwa mwa aliyense. Achimwene alume lilime, alume, koma aimbe.

Nanga kwanuko, ndani angaimbe nyimbo ya agogo anu mpaka kumapeto, popanda kudina kanthu?