Maso Amakhala Omaliza

Ine ndi a Mabulashi tagawana khonde limodzi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndi makina anga osokera mbali ino, iwo ndi zitini zawo za penti mbali inayo, pakati pathu chingwe chomwe ndimapachikapo nsalu za makasitomala. Dzina lawo lenileni ndikukayika ngati akazi awo omwe akulikumbukira.

Anayamba ndi kulemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu pamakoma a ometa tsitsi. Tsitsi lawo litayamba imvi anasamukira ku nkhope za anthu. Munthu amabwera ndi kachithunzi, iwo n'kukakulitsa pabolodi, kukula ngati zenera. Kachitidwe kawo sikasintha. Amalemba timabokosi ndi pensulo pakachithunzipo, n'kulemba mabokosi akuluakulu pabolodi, kenako n'kumasamutsa bokosi limodzilimodzi: malaya, khosi, makutu, mphuno, pakamwa. Maso amakhala omaliza.

"Ukayamba ndi maso, munthuyo amangokuyang'ana," amatero. "Ndani angagwire bwino ntchito bwana atamuimirira pamsana?"

Ine ndinkawaseka kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake n'kumaopa penti.

Lolemba lina kunabwera mayi wina wamasiye. Anamasula mfundo ya kampango n'kutulutsa kachithunzi kakang'ono ngati bokosi la machesi, ka pachiphaso cha kuntchito cha malemu amuna ake.

"Ndi kokhaka, bambo," anatero. "Zina zonse zinaola ndi mvula denga litasasuka. Mukasamale."

"Musadandaule, mayi. Mubwere Loweruka."

Pofika Lachinayi masana, malemu aja anali atakhala pabolodi ndi jekete lake lakuda, kadazi konyezimira ndi kachipsera pachibwano. Pamalo pa maso panali mabokosi awiri oyera. A Mabulashi anatsamiritsa kachithunzi kaja pachitini cha mafuta otsukira mabulashi, n'kutembenuka kuti asakanize penti. Mphepo inakupiza nsalu ya pachingwe changa, nsaluyo inakankha chitini, mafuta onse khuthu pakachithunzi.

Bwenzi atangokasiya kuti kaume, mwina kanthu kakanatsala. Koma dzanja la wojambula linazolowera kupukuta. Anadutsitsapo chala chachikulu kamodzi kokha, ndipo nkhope yonse inachoka nacho chalacho. Panatsala kolala ya malaya.

Anakhala pansi, pasimenti penipeni. Ine ndinadziwa kuti mlandu ndi wanganso, poti nsalu inali yanga.

"Achimwene, maso ndi maso," ndinawauza. "Ikanipo awiri abwinobwino. Mayiyo akaona dazilo ndi chipseracho akhutira."

Lachisanu lonse anachita zomwezo. Anajambula maso, n'kuima patali, n'kufuta. Oyamba anatuluka ngati anga. Achiwiri ngati a mkulu wowotcherera zitsulo kutsidya kwa msewu. Achitatu anali awo omwe. Chakudya chomwe akazi awo anawabweretsera chinazizira m'mbale osachivundukula. Ine ndinasoka dzanja la diresi chagada, n'kusomola, n'kulisokanso chagada.

Loweruka m'mawa anafuta zonse n'kupakanso mabokosi awiri aja moyera. Ndinakwiya nawo, kunena zoona. Bodza laling'ono likanatipulumutsa tonse atatu.

Mayi uja anafika atavala ngati wopita kutchalitchi. A Mabulashi anavula chipewa, anam'patsa mpando, n'kuika kachithunzi kaja m'manja mwake.

"Mayi, ndalakwa. Munati ndikasamale, ine ndakapha ndi chala changa."

Za nsalu yanga sanatchule. Mayiyo anakayang'ana kachithunziko nthawi yaitali, n'kukatembenuza kumbuyo ngati nkhope yathawira kumeneko. Sanalire, sanatukwane. Bola akanatukwana.

Kenako a Mabulashi anavundukula bolodi. Mayi uja anaimirira, dzanja pakamwa.

"Chibwano ndi chomwechi," ananong'ona. "Makutuwa ndi awo."

"Atsala maso okha, mayi. Ndiuzeni inuyo mmene analili, ine dzanja ndili nalo." Anatenga pepala ndi pensulo. "Anali aakulu kapena aang'ono?"

"Apakatikati."

"Olowa m'kati?"

"Pang'ono... ayi, mwina ayi."

"Nanga nsidze? Zinkakumana pakati?"

Mayiyo anatsinzina. Makina anga ndinali nditawaimitsa kalekale. A Mabulashi anajambula maso awiri papepala n'kumuonetsa. Mayiyo anapukusa mutu. Iwo anajambula ena, otsika m'mbali ngati a munthu wotopa. Anapukusanso. Pepala lachitatu, lachinayi, chimodzimodzi. Pa lachisanu mayiyo anawagwira dzanja.

"Lekani, bambo. Si dzanja lanu." Anakankhira pepalalo pambali. "Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala nawo nyumba imodzi. Kutsokomola kwawo ndingakuzindikire pakati pa msika. Koma maso awo anayamba kundithawa m'mutu chaka chatha. Ndikatsinzina ndimaona chipewa, ndimaona chibwano, pakatipo mbee. Kachithunzika kanali kochepa, maso angawa sankakaonanso bwino. N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu."

Ndinamva manyazi ndi malangizo anga aja, manyazi otentha mpaka m'makutu.

"Awa a papepala lachitatuwa mwina ayandikirako," anatero a Mabulashi motsitsa mawu. "Ndikhoza kuika amenewa."

"Ayi. Mukaika amenewo ndiziwayang'ana tsiku ndi tsiku mpaka ndikhulupirire kuti ndi awo. Musawapatse maso a munthu wina."

Anamanganso kachithunzi kaja m'kampango. Ndinam'patsa nsalu yoti akutire bolodi, koma anakana. Analinyamula ndi manja awiri, nkhope ya amuna ake itayang'ana pachifuwa pake, n'kutsika masitepe a khonde pang'onopang'ono poti kutsogolo sankaona.