Fyuzi imene inasowa m'galimoto yanga

Kagalimoto kanga kanali kakale ndithu, koma sikankavuta kulira. M'mawa umene ndinkayenera kuperekeza mwana wanga wamkazi ku boda, kanakana.

Mwanayu anali atamaliza sekondale n'kungokhala pakhomo. Mayi wina wa geni, amene ankagula mtedza pa Kamwendo n'kumakagulitsa ku Zambia, anati amupezera ntchito mu shopu ku Lusaka. Ine ndinavomera. Akazi anga anakana, ati mayiyo akamalankhula sayang'ana munthu kumaso, koma ataona kuti ndalimbikira anangoisiya nkhaniyo. Mchimwene wawo, dalaivala wa mathiraki, anali atagona kwathu, thiraki yake ikudikira mapepala ku boda komweko.

Ndikapotokola kiyi, injini inkazungulira bwinobwino koma osagwira. Magetsi ankawala, hutala inkalira, choncho ndinadziwa kuti vuto silinali batire. Maganizo anga anathamangira kwa mavenda amene anandigulitsa petulo wa m'chigubu. Ndinkati andithirira parafini.

"Kapena ndi mapulagi, alamu," anatero mlamu wangayo. "Tiyeni tikankhe."

Tinakankha mpaka pa mjigo n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, koma osaphula kanthu. Foni nayo inkangolira. Mayi wa mtedza uja ankati galimoto imene wapeza sidikira munthu.

Ndinaimbira makaniko wa pa Kamwendo, ndipo anabwera pa kabaza. Anazula pulagi imodzi, n'kundiuza kuti ndiyese kuliza. Moto unalipo. Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kugunditsa khutu pampando.

"Potokolani pang'ono, akulu, koma musalize. Aliyense akhale chete."

Sitinamve kanthu.

"Pampu ya mafuta ili pansi apa," anatero. "Imayenera kung'ung'udza. Iyi yagona."

Anapita ku boneti n'kuvundukula kabokosi ka mafyuzi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandikodola kuti ndibwere ndekha. Pamzere wa mafyuzi panali mpata umodzi, ngati gweru.

"Ikanapsa, tikanaipeza pompa itada," ananong'ona. "Iyi yachita kuzulidwa."

Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana anthu a pakhomo panga ngati alendo. Galimoto inagona yokhoma, kiyi ali pamsomali pabalaza. Wakuba sangasiye batire ndi wailesi n'kutenga kanthu kochepa ngati chikhadabo. Akazi anga ankasesa pabwalo pamene anali atasesa kale. Alamu ankapukuta manja pansalu, maso ali kumsewu. Munthu amene wakalambira pa injini, m'mawa wonse anatchula mapulagi, petulo, ngakhale sitata, koma fyuzi sanaitchule. Mwana wanga anali atakhala pachikwama chake pakhonde. Ndinkayembekezera kuona misozi ya munthu amene ulendo ukumuthawa, koma nkhope yake inali phee. Iyeyu ndi amene ankatsuka galimotoyo Loweruka lililonse, ndipo boneti ankadziwa kutsegula.

Makaniko anazula fyuzi ya wailesi n'kuiika pampatapo. Pampu inang'ung'udza, injini inalira nthawi yomweyo. Palibe amene anasangalala. Nditaimbira mayi uja, foni yake sinkapezekanso. Anali atawoloka.

Makaniko atapita ndinawaitana onse pakhonde.

"Ndani wagwira galimoto yanga?"

"Ine, abambo, ndingadziwe chiyani za mawaya?" anatero akazi anga.

"Iwe nanga?"

"Sindinagwire, ababa," anayankha mwanayo akuyang'ana zala zake.

Alamu anatsokomola. "Timafyuzi timeneti timagwa tokha m'mabampu, alamu."

"M'kabokosi kotseka?"

Alamuwo ananyamuka kukalongedza chikwama chawo.

Masana ndinawaperekeza alamuwo ku thiraki yawo. Njira yonse tinkakamba za mvula ndi feteleza. Akutsika, anagwira chitseko n'kuima kaye.

"Mayi ameneyu ndimakumana naye kutsidyaku," anatero. "Atsikana amene amawoloka nawo sindinawaonepo mu shopu."

"Bwanji simunanene dzulo?"

"Mlongo wanga ananena. Munamva?"

Ndinawafunsanso ngati anazula ndi iwo. Anakana, mpaka kulumbira, n'kukwera thiraki yawo.

Mwana wanga anadzaphunzira kusoka, ndipo lero ali ndi makina ake pa Kamwendo. Mayi wa mtedza amabwerabe nyengo yokolola. Ena amati atsikana amene anawatenga akupeza bwino, ena amatembenuza nkhani ukawafunsa. Zoona zake sindikuzidziwa. Atatu aja akakumana pa Khirisimasi amacheza n'kumaseka kukhitchini, ndipo ine ndikalowa amayamba kukamba za nkhuku.