Makope a Azakhali Eliness

Ku Lisungwi aliyense amamutchula Mailesi kuti "anesi", ngakhale chiphaso cha unamwino alibe. Koleji anamaliza bwinobwino, koma mayeso a bungwe la anamwino, amene amapatsa munthu chilolezo chogwira odwala, anamugwetsa kawiri. Dzina laulemulo limamuwawa ngati nsapato yothina. Masiku a msika amagulitsa manachesi pafupi ndi siteji ya minibasi, ndipo amayi amayamba amuonetsa zotupa za ana awo asanafunse n'komwe za malonda.

Amene anamulera ndi azakhali ake, a Eliness, namwino wakale amene anapuma ntchito Mailesi akadali kamwana. Theka la anthu a m'derali linabadwira m'manja mwawo, ndipo iwo salola kuti wina aiwale zimenezi. Mailesi atabwerako ku koleji, azakhaliwo anatsekula sutikesi yachitsulo n'kutulutsa makope asanu ndi limodzi olemba pamanja, zilembo zoongoka ngati mizere ya m'munda.

"Ine ndinakhoza ndi amenewa," anatero. "Za m'mafoni zanuzo n'zachibwana."

Kodi mphatso ya munthu amene anakulera ungaikane? M'mawa uliwonse akamasankha nyemba pakhonde, azakhali ankafunsa ngati katekisimu, iye n'kumayankha. Khanda likangobadwa? Lisambitsidwe. Malungo? Fansida. Mailesi ankadziwa bwino kuti masiku ano khanda amangolipukuta n'kuliika pachifuwa pa mayi ake, kusamba n'kwa mawa, ndipo mankhwala a malungo anasintha kalekale. Mumtima ankati, "Ndingowasangalatsa, m'mayeso ndikalemba zanga."

Koma chimene pakamwa pazolowera, dzanja nalo limatsatira. M'chipinda cha mayeso ku Blantyre, nthawi ikuthamanga, thukuta lili kamukamu, amene ankayankha mafunso anali mawu a azakhali. Ulendo woyamba anati ndi mantha chabe. Wachiwiri anazindikira ali m'minibasi pa Zalewa, ndipo analira mpaka kondakitala anachita manyazi kumufunsa kotsikira.

Chaka chino Binwell, mnzake wa ku koleji amene anakhoza n'kuyamba ntchito kuboma, anamutumizira pafoni mabuku atsopano a malangizo ndi mafunso a zaka zapitazo. Sanamunyengerere. "Ukapitiriza kuimba nyimbo ziwiri, ugwanso. Sankha imodzi." Mailesi anali atalumbira kale kuti akalephera kachitatu, basi, adzakalambira pa manachesi. Mayeso anali atatsala milungu isanu.

Masiku atatu ananamizira mutu pothawa mafunso a azakhali. Tsiku lachinayi azakhali anatenga kope, anavala magalasi, n'kukhala pakhonde.

"Tabwera kuno. Khanda likangobadwa?"

Mailesi anagwada. "Azakhali, zimenezo zinasintha. Salisambitsanso tsiku lomwelo, akuti limazizidwa. Zambiri za m'makopemu zinasintha. N'zimene zakhala zikundigwetsa."

A Eliness anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Eti? Ndiye ana onse ndinasambitsa aja, ndinkawalakwira?"

"Ayi, azakhali, nthawi imeneyo..."

"Ndamva, anesi."

Anali asanamutchulepo choncho chibadwire. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsikulo pakhonde panangoti zii. Mailesi anayamba kuwerenga za pafoni yekhayekha pansi pa mtengo wa mango. Zinthu zinkalowa m'mutu kuposa kale lonse, ndipo zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Loweruka lina kumsika njala itamupota, anagula zitumbuwa ziwiri kwa mayi wina wogulitsa pafupi naye. Atafunyulula pepala lonona mafuta, anaona zilembo zoongoka zija. Anatembenukira kwa mayi uja.

"Mayi, mapepalawa mwawatenga kuti?"

"Anandipatsa a Eliness dzana, makope athunthu. Akuti alibenso ntchito, bola ndizikulungira zitumbuwa."

Zaka makumi atatu za ntchito ya azakhali zinali zikumwazika msika wonse, tsamba limodzilimodzi, anthu n'kumapukutira manja. Mailesi anasenza dengu lonse la manachesi n'kulitula pamapazi pa mayiyo, naombola makope anayi amene anatsala.

Makopewo ali pansi pa chikwama chake, pamodzi ndi zolembera za mayeso. Sawatsekula, ndipo sanauze munthu kuti ali nawo. Mayeso ndi Lachiwiri likubwerali. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde n'kumasankha nyemba mochedwetsa dala, koma azakhali sanamufunsebe funso ngakhale limodzi.