Kope la Masamba a Mtedza

M'mawa uliwonse mkulu wanga Lettie ankalowa m'munda mwathu ku Chiparamba n'kumatembenuza masamba a mtedza. Masamba odwala ankawathothola n'kuwamata m'kope lake, n'kulemba tsiku ndi maonekedwe a mawanga ake. Ankafunitsitsa kukaphunzira zaulimi kuyunivesite.

Tsiku lodzaza fomu yofunsira malo kuyunivesite, atate anakhala naye pamkeka.

"Iwe Lettie, tinakutumiza kusukulu kuti uthawe khasu. Lemba unamwino."

"Atate, ine magazi ndimawaopa."

"Udzazolowera. Amako anandizolowera ine."

Analembadi unamwino.

Kalata yoti amutenga itafika, amayi anaimba nthungululu mpaka anansi anasonkhana. Lettie anamwetulira pang'ono n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake sanapite kumunda. Anandipatsa kope lija, nati, "Mapepala otsalawo uzilembapo masamu ako."